Musatumizenso chithunzi cha khadi lanu la ku banki

Anyamata a ku Senga Bay, Msaka, Chembe, Makanjira mpaka Nkhotakota, werengani mpaka pansi musanatumize kwa ena.

Ine ndimakonza ma injini a maboti, makamaka ma Yamaha Enduro a 15 ndi 40. Pulopela ikathyoka kapena impela ikatha, ambiri timaitanitsa kwa ogulitsa a ku Lilongwe, ku Mchesi ndi ku Biwi. Ndiye kwabwera chizolowezi choipa: wogulitsa akuti "jambulani khadi kutsogolo ndi kumbuyo, ndidula ndekha." Ndipo anthu akujambuladi! Aise, kumeneko si kulipira ayi, nkupereka chikwama chonse.

Pa khadi la Visa kapena Mastercard pali manambala 16, tsiku lothera ntchito, ndi manambala atatu a kumbuyo otchedwa CVV. Amene ali ndi zitatuzi atha kugula pa intaneti m'malo ambiri popanda PIN yanu. Wogulitsayo mwina ndi wachilungamo, koma foni yake amabwereka mlamu wake, amaisiya potchajitsa, mawa yabedwa mu minibasi. Chithunzi chanu chili momwemo. Ndalama za usipa wa mwezi wonse, umene bambo ako anaugonera panyanja ndi mwera, zipite chifukwa cha ulesi wa munthu wina?

Njira yabwino ilipo. Wogulitsa amalembetsa ku kampani yolandirira malipiro, monga PayChangu ya konkuno ku Malawi, kapena amafunsa ku banki yake. Akatero amakutumizira linki, iwe nkulemba wekha manambala pa tsamba la kampaniyo. Pa njira imene amati token, nambala yeniyeni imakasungidwa kotetezedwa, wogulitsa nkupatsidwa nambala ina yongoimirira. Zili ngati kapepala kamene mwini chilimira amalembera alovi kuti akatenge ufa pa golosale imodzi: wakuba akakatola, pa golosale ina nkachabe. Visa inayamba zimenezi mu 2014, si zadzulo. Ndipo malamulo a makhadi, a PCI DSS, saloleza wogulitsa kusunga CVV malipiro akatheka. Amene akusunga chithunzi cha khadi lanu akuswa lamulo limeneli.

Akulu a ku Mchesi, ndikudziwa zimene muyankhe: "kampaniyo imadula kenakake pa malonda alionse." Zoona, imadula. Nanga woyendetsa minibasi amene amatibweretsera katundu ku Salima, amanyamula ulere? Chitetezo chili ndi mtengo wake. Inunso mupuma ku ma screenshot abodza a Airtel Money ndi Mpamba, chifukwa ndalama mumaziona zitalowa kaye musanakweze katundu. Simukufuna zolembetsazo? Basi, tipatseni nambala ya akaunti titumize tokha. Koma khadi ayi.

Ife ogula tigwirizane zitatu. Chithunzi cha khadi sichituluka mu foni. Nambala ya OTP yobwera pa meseji sitiuza munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera ku banki. Linki tiione bwino dzina lake, chifukwa akuba nawonso amapanga zawo zofanana. Mukakayika, funsani ku banki ngati kampaniyo ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi.

Amene munatumiza kale, imbani ku banki lero lomwe atseke khadilo, mutenge lina. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani ku gulu la pa doko lanu.