Mbande za Zipatso Nazonso Zikhale ndi Chiphaso

Mlimi akagula mbewu yachinyengo ya chimanga amazindikira nyengo imodzi isanathe. Akagula mbande yachinyengo ya mango amadikira zaka zinayi kapena kuposerapo, akuthirira ndi kutchingira mbuzi, kufikira tsiku limene mtengowo udzabala zosiyana ndi zimene anauzidwa. Komabe ife ogulitsa mbewu taika mphamvu zathu pa mbewu za m'mapaketi, mbande za m'mphepete mwa msewu tazilekerera.

Gwero la vutoli lili m'kati mwa njere. Mango ambiri akumudzi, aja aulusi, njere imodzi imatulutsa mphukira zingapo, ndipo zambiri mwa izo zimatengera mayi wake ndendende. N'chifukwa chake makolo athu ankangokwirira njere n'kupeza mtengo umene ankaufuna. Mitundu imene misika yakunja ikufuna, monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, yomwe inachokera ku Florida, siili choncho. Njere yake imakhala ndi mphukira imodzi yokha, yobadwa mwa mungu wa mtengo uliwonse umene tizilombo tinadzera. Ukadzala njere ya Kent sukolola Kent. Mapeyala nawonso ndi chimodzimodzi: mtengo uliwonse wa Hass padziko lapansi unachokera ku mtengo umodzi wa ku California, wofalitsidwa mwa kumezanitsa. Choncho dzina lolembedwa pa chubu cha mbande limakhala loona pokhapokha ngati kanthambi kanadulidwa ku mtengo wodziwika.

Pa malalanje ndi manachesi nkhani n'njoopsa kwambiri, pakuti kanthambi komezanitsira kamanyamulanso matenda. Matenda a greening alibe mankhwala, ndipo mbande yodwala imatha kuoneka yathanzi pamene ikugulitsidwa. Ku South Africa anakhazikitsa ndondomeko yakuti nazale zizitenga nthambi zoyezedwa kuchokera kumunda umodzi wotetezedwa. Alimi a manachesi ku Mwanza ayeneranso chitetezo chotere.

Ena akuti malamulo adzapha nazale zazing'ono. Sitikuvomereza. Amayi ndi achinyamata a m'nazalezi kumezanitsa amakudziwa, ena kuposa ife. Chimene akusowa ndi mitengo yotsimikizika yodulako nthambi. Makampani a mbewu ali ndi malo, madzi ndi akatswiri. Tidzale minda ya mitengo yoteroyo, tigulitse nthambi pamtengo wofikirika, ndipo mbande iliyonse ituluke ndi chikalata chonena mtundu wake, tsinde limene yamezanitsidwapo, tsiku lomezanitsa ndi dzina la nazale.