Chitseko Chakuseri Chitsegulidwe

Pali chizolowezi choipa chimene chamera mizu m'sitolo zikuluzikulu zambiri m'dziko muno, ndipo nthawi yakwana yoti chitchulidwe poyera. Chizolowezichi ndi chokhoma chitseko chakuseri ndi unyolo ndi loko, kiyi n'kukhala m'thumba la bwana amene mwina wapita ku banki, pamene m'sitolomo mwadzaza anthu ogula. Eni sitolo amati akuteteza katundu wawo kwa akuba. Zoona zake n'zakuti anaika pa sikelo thumba la shuga ndi moyo wa munthu, ndipo anapeza kuti cholemera ndi shugayo.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a m'boma la Thyolo. Tsiku la malipiro likafika, amayi ndi abambo othyola tiyi m'minda ya Satemwa, Naming'omba, Conforzi ndi Makandi amapita pa boma, ku Luchenza, ku Bvumbwe, ena mpaka ku Limbe, kukagula sopo, mchere, mafuta ophikira ndi makope a ana. Sapita mmodzimmodzi ayi. Amapita chigulu, ana ali kumsana, kotero kuti m'sitolo imene masiku ena mumakhala anthu khumi, tsikulo mumasowa poponda. Khomo lolowera ndi lomwelo lotulukira, ndipo pafupi nalo pali polipirira ndi mlonda woona malisiti, amene ntchito yake ndi yoti anthu azidutsa mmodzimmodzi. Mawindo onse anawatchinga ndi zitsulo. Kuseri, kumene kukanakhala kothawira, anaunjikako makatoni, mabelo a shuga ndi makireti a zakumwa. Kumunda kapitawo amawerenga antchito ake m'mawa uliwonse, ndipo dengu lililonse la masamba limayezedwa. M'sitolo palibe amene amadziwa kuti muli anthu angati.

Nanga kunja kutabuka chipolowe, chingachitike n'chiyani? Mlonda akangomva phokoso ndi miyala, chinthu choyamba chimene amachita ndi kutseka khomo lakutsogolo kuti oswa sitolo asalowe. Sangamuimbe mlandu munthu, pakuti ndi zimene anamulembera ntchito. Koma pa mphindi imeneyo sitolo yasanduka khola. Utsi wokhetsa misozi ukalowa, kapena wina akaponya moto, anthu onse amathamangira khomo limodzi lotsekedwalo, ndipo oyamba kugwa pansi amakhala ana ndi okalamba. Galimoto lozimitsa moto lochokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukafika pa boma la Thyolo, lingadzapeze zonse zitatha.

Alipo ena amene amayankha kuti Malawi ndi dziko lamtendere, zoterezi n'za kunja. Mtendere ulipodi, ndipo uyenera kusungidwa ngati dzira, koma anthu oyankha chotere ali ndi mutu woiwala. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chachikulu chinayambira pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, chifukwa cha nkhani ya malalanje, ndipo chinafalikira m'maboma ena a m'chigawo cha kum'mwera. Mu Meyi 1992 sitalaka imene inayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inathera m'kuswa sitolo ndi imfa za anthu ambiri. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011 anthu pafupifupi 20 anafa pa ziwonetsero, ndipo sitolo zinaswedwa ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mu 2017 mphekesera chabe za anamapopa zinautsa magulu aukali ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo komwe, anthu osalakwa n'kuphedwa. Tsoka silinunkha, ndipo chipolowe sichitumiza kalata kwa mwini sitolo kuti abweze kiyi ku banki.

Amene akufuna kudziwa mtengo weniweni wa chitseko chokhoma amve zimene zinachitika mumzinda wa Asunción, m'dziko la Paraguay. Lamulungu pa 1 Ogasiti 2004 moto unabuka m'sitolo yaikulu ya Ycuá Bolaños nthawi ya masana, muli mabanja ambirimbiri. Opulumuka anachitira umboni kuti zitseko zinatsekedwa poopa kuti anthu angatuluke ndi katundu asanalipire. Anthu pafupifupi 400 anafera momwemo. Mu 2008 khoti linalamula kuti mwini sitoloyo, Juan Pío Paiva, akakhale kundende zaka 12, mwana wake zaka 10, ndipo mlonda zaka 5. Alonda a m'sitolo za kuno ayenera kuimvetsa bwino mfundo yotsirizayi: mawu akuti "anandituma ndi bwana" sanamupulumutse mnzawo uja.

Kumeneko kunali moto. Ku Nairobi zinali mfuti. Pa 21 Sepitembala 2013 zigawenga za al-Shabaab zinalowa m'nyumba ya masitolo ya Westgate, ndipo anthu 67 anaphedwa. Pamene mfuti zili pa khomo lakutsogolo, munthu alibe kwina kolowera koma kuseri, ndipo ambiri amene anapulumuka tsikulo anabisala m'zipinda zosungira katundu kapena anatulukira ku makomo a antchito. Ku Soweto, m'dziko limene a Malawi ambiri akugwirako ntchito, anthu 10 anapezeka atafa chifukwa chopondana pa masitolo a Ndofaya ku Meadowlands, pa chipolowe cha mu Julayi 2021. Sanaphedwe ndi chipolopolo kapena moto, koma ndi kupanikizana kwa anthu anzawo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono pakubwera chodzikhululukira chachikulu cha eni sitolo, chakuti chitseko chikakhala chosakhoma katundu adzathera kuseri. Akuba alipo, palibe amene akukana, ndipo ena mwa iwo ndi antchito a m'sitolo momwemo. Koma vutoli linapezeredwa mankhwala kalekale. Mu 1883, m'holo ya Victoria mumzinda wa Sunderland ku England, ana 183 anafa chifukwa chopondana pa chitseko chimene chinkatsegukira mkati ndipo chinali chitakhomedwa kuti mudutse mwana mmodzi yekha. Chifukwa cha ngozi imeneyo kunabwera lamulo loti zitseko za malo osonkhanira zizitsegukira kunja, ndipo kunapangidwa chitsulo chopingasa chimene chimamangiriridwa kumkati kwa chitseko. Munthu wothawa akangochikankha ndi thupi lake, chitseko chimatseguka, pamene wakunja sangachitsegule. Masiku ano amachilumikiza ndi belu limene limalira chitsekocho chikatseguka, kotero kuti wakuba amadziulula yekha. Zaka zoposa 100 zapita chipangidwire chida chimenechi. Sitolo imene ili ndi ndalama zogulira makamera oyang'ana anthu ogula siinganene kuti ilibe zogulira chitsulo chimodzi.

Ndipo si nkhani yopempha chifundo kwa amalonda ayi. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi ubwino wa anthu pa malo a ntchito, limene linanena kuti malo otere azikhala ndi njira yothawira moto ukabuka. Cholakwika chili kwa amene anapatsidwa udindo wolitsata. Pali ogwira ntchito m'Boma ena amene kwa iwo kuyendera sitolo ndiko kukhala pa mpando mu ofesi ya manijala, kumwa tiyi, kusaina pepala n'kubwerera. Pali a khonsolo amene amakumbukira sitolo kamodzi pa chaka, nthawi yotolera ndalama za chiphaso cha malonda. Chidindo cha munthu wotere chidzawerengedwa pamodzi ndi loko uja tsiku limene mitembo idzatulutsidwe.

Atsogoleri a chipani m'nthambi ndi m'madera nawonso asaganize kuti izi sizikuwakhudza. Iwowa ndiwo amakhala pakati pa anthu, amagula m'sitolo zomwezi, ndipo akazi awo ndi ana awo ndiwo amaima pa mzere tsiku la malipiro. Sakupemphedwa kukaopseza amalonda kapena kukathyola maloko, pakuti imeneyo ingakhale mbewu ya chipolowe chomwecho. Akupemphedwa kutsegula maso, kufunsa mwaulemu kumene kuli khomo lothawira, ndipo akalipeza lokhoma kapena lounjikidwa katundu, akanene kwa Bwanamkubwa ndi ku ofesi ya zantchito ya m'bomalo mwa kalata, ndipo asunge kope lake.

Oyendera malo a ntchito apite ku sitolo osatumiza uthenga, ndipo apite tsiku la malipiro, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene tiyi wachuluka ndipo m'minda mwalembedwa antchito ambiri. Akafika asalowe mu ofesi. Adutse pakati pa mashelefu mpaka kuseri, akankhe chitseko ndi dzanja lawo, ndipo chikakana kutseguka, chiphaso cha sitoloyo chidikire mpaka unyolo utachotsedwa.