Dzina lako likufuna chiyani pa khoma la Farao?

Pepani kuti ndakhala phee kwa masabata atatu, tinali kalikiliki kuchonga mayeso, komanso za netiweki ya kuno mukuzidziwa kale. Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kuyambira Lachiwiri lapitali.

Tsiku limenelo ndinapezerera mnyamata wina wa Fomu 1 akugoba dzina lake pa desiki ndi kampasi. Desikiyo ndi yatsopano, makolo anachita kusonkha. Ndinamukalipira ndithu, nkumuuza kuti poweruka atsale. Iye anamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Koma Sala, chithunzi chija munationetsa cha ku Egypt, cha mzungu amene analemba dzina lake pa kachisi, si munati ndi mbiri yakale?" Kalasi yonse inangoti zii. Inenso pakamwa panauma, poti mwanayo sananame.

Kwa inu amene mwayamba kuwerenga posachedwa: mu Disembala 2022 ndinachita mwayi wokafika ku Egypt. Musaganize kuti malipiro a uphunzitsi anakwera ayi. Mlamu wanga amagwira ntchito ku Cairo, ndiye analipira theka la tikiti, kwinako inali ngongole ya banki m'khonde imene ndinabweza chaka chathunthu. Ndinali nditaphunzitsa za Afarao kwa zaka zambiri kuchokera m'buku lothothoka masamba, choncho ndinafuna kukaona ndi maso anga. Ndinakwera sitima ya usiku kuchoka ku Cairo mpaka ku Aswan, nkumabwerera pang'onopang'ono motsata mtsinje wa Nile mpaka ku Luxor.

Chimene buku lija silinandiuze nchakuti makoma a akachisi amenewa ndi odzaza ndi mayina a alendo. Ku Abu Simbel, komwe kuli ziboliboli zinayi za Ramesses II zotalika mamita 20 chilichonse, ukayang'ana pa miyendo ndi pa zifuwa umaona mayina a azungu ndi zaka za m'ma 1800, ena ali m'mwamba moti umadabwa kuti makwerero anawatenga kuti. Bambo amene ankatiperekeza anaseka nditafunsa. Panalibe za makwerero. Nthawi imeneyo mchenga unali utakwirira kachisiyo pafupifupi yense, ndiye munthu ankangoima pa mchenga nkumagoba pamene lero sungafikire. Anthu a ku Ulaya anamva za malowa kwa Burckhardt mu 1813, ndipo Belzoni anakokolola mchengawo nkulowa mkati mu 1817.

Belzoni yemweyu ndiye mzungu wa pa chithunzi changa. Dzina lake ndinalijambula ku Ramesseum, tsidya la kumadzulo kwa Luxor, ndipo ndivomere, ndinasangalala nditalipeza ngati ndapeza ndalama panjira.

Mwana uja ali ndi mfundo yoposa imene iye akuidziwa. Pa mwendo wa chiboliboli china ku Abu Simbel pali mawu a Chigiriki amene anagoba asilikali aganyu a Farao Psamtik II, popita kukamenya nkhondo ku Nubia cha m'ma 593 BC. Analemba mayina awo, mayina a akuluakulu awo, ndi kumene anakafika ndi mabwato awo. Pa nthawiyo kachisiyo anali atatha kale zaka zoposa 600. Anali anyamata otopa, ali kutali ndi kwawo, akuononga katundu wa eni. Lero akatswiri amachokera kutali kudzawerenga zomwezo, chifukwa ndi umboni wa ulendo wa nkhondowo komanso wa mmene Agiriki ankalembera kalelo.

Ku Philae nkhani yake ndi yokhudza mtima kuposa pamenepa. Pa chipata china pali timizere tochepa tosaoneka bwino, timene wansembe wina dzina lake Esmet-Akhom anagoba pa 24 Ogasiti 394 AD. Amenewo ndiwo mawu omaliza odziwika olembedwa m'zilembo za hieroglyph. Patapita nthawi panalibenso munthu wotha kuwerenga zilembo zimenezi, kufikira Champollion atazitulukira mu 1822. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka anzanga a m'bwato anayamba kundikuwa. Pa kachisi yemweyo pali mitanda imene Akhristu anagoba atamusandutsa tchalitchi, palinso mawu a asilikali a Napoleon a mu 1799. Ukachotsa zonsezi, Philae atsala wosalala koma wosauka.

Ndiye nanga ine ndingamuletse bwanji mwana wa Fomu 1? Ndalingalira masiku anayi, ndipo maganizo anga sanasinthe: asagobe, ndipo mlendo aliyense wopita ku Egypt asagobenso, ngakhale kachilembo kamodzi.

Tiyambe ndi Belzoni. Dzanja limene linalemba dzina ku Ramesseum ndi lomwelo limene mu 1816 linakoka mutu ndi chifuwa cha chiboliboli cha Ramesses II, mwala wolemera matani 7, kuchoka pa kachisi yemweyo kupita nacho ku mtsinje. Lero chili ku British Museum ku London, thupi lake linatsala ku Egypt. Ine sindikuona kuti zinthu ziwirizi ndi zosiyana kwenikweni. Munthu akalemba dzina lake pa chinthu amakhala akunena kuti ichi ndi changa, monga tichitira pa thumba la chimanga kuchigayo. Afarao eni ake ankadziwa zimenezi. Ramesses II anali ndi chizolowezi cholembetsa dzina lake pa ziboliboli za mafumu amene analipo iye asanabadwe, ndipo Thutmose III analamula kuti dzina ndi zithunzi za Hatshepsut zifufutidwe pa makoma. Kwa iwo dzina pa mwala sanali masewera. Dzina la Belzoni ndi mbiri inde, koma ndi mbiri ya kulanda, ndipo cholakwa changa chinali kuonetsa ana chithunzicho ndikumwetulira osawauza mbali imeneyi.

Wansembe wa ku Philae uja ndi wosiyana. Iye sanali mlendo. Anali pa ntchito yake, m'nyumba ya chipembedzo chake, akulembera mulungu wake. Sangafanane ndi munthu amene watsika basi ndi botolo la madzi m'manja, woti pakatha mphindi 40 akhala atapita.

Palinso nkhani ya kuchuluka kwathu. Asilikali Achigiriki aja anali kagulu chabe. Mu 2023 mokha ku Egypt kunafika alendo oposa 14 miliyoni. Tangowerengetsani, aphunzitsi anzanga a masamu, mmodzi yekha pa alendo 1,000 aliwonse atati asiye dzina. Mu 2013 dziko lonse linalankhula za mnyamata wa ku China amene anakanda dzina lake pa chithunzi china m'kachisi wa Luxor, mpaka makolo ake anapepesa poyera. Anthu anamunyoza kwambiri, mwina mopitirira muyeso poti anali mwana. Koma akuluakulufe tili ndi njira zathu zoonongera zimene sitiziwerengera. Ku Karnak, mu holo ya zipilala 134 ija, imene zapakati zimatalika mamita 21, ndinaona pafupifupi aliyense akusisita zozokota ndi chikhatho pojambulitsa. Pamene manja amafikira mwala unada ndi thukuta ndi mafuta, pamene m'mwamba utoto wa zaka zoposa 3,000 ukuonekabe. Inenso ndinagwira, abale, ndisaname. Dzanja limangopita lokha. Mlonda wina wachikulire anangondiyang'ana nkupukusa mutu, osanena kanthu, ndipo ndinachita manyazi kuposa akanandikalipira.

Kumbukiraninso kuti pakati pa 1964 ndi 1968 mayiko ambiri anasonkha ndalama kudzera ku UNESCO, amisiri nkucheka Abu Simbel m'zidutswa, nkukamumanganso mamita 65 pamwamba kuti asamire m'madzi a damu la Aswan. Anthu anavutika chotere kuti iwe ndi ine tidzamupeze ali chilili. Sanavutikire kuti tidzapeze pokanda.

Wina anena kuti pakatha zaka 2,000 dzina langanso lidzakhala mbiri. Mwina. Koma lidzamuuza chiyani wodzawerengayo? Msilikali uja analibe pena polemba pamene pakanakhalitsa. Ife mayina athu ali pa chitupa, pa Facebook, m'kaundula wa sukulu, paliponse. Khoma la Karnak silikusowa dzina lako, pamene chithunzi chimene ungakande palibe china chonga icho.

Nkhaniyi ikundikhudza chonchi chifukwa teremu ikubwerayi ndikufuna kupita ndi ana a kalabu ya mbiri yakale ku Chongoni, ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za pa miyala amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Ulendo wina ndinaonako mayina olembedwa ndi makala pafupi ndi zojambula zoyera za makolo athu, ndipo kalembedwe kake kanali ka ana a sukulu, ndimakadziwa bwino. Ndawauza kale kuti aliyense atenge kope ndi pensulo, ajambule zimene aone m'kopemo, alembe dzina lake pansi pake kakhumi ngati akufuna. Choko ndi makala ndidzasecha m'matumba pokwera minibasi.

Mnyamata uja anapala desikiyo ndi sandipepa Lachitatu masana, ine nditamugwirira kuti isagwedere. Chilembo choyamba chinali chitalowa kwambiri, chikuonekabe. Chithunzi cha Belzoni sindinachifufute m'kompyuta. Lolemba ndichionetsanso ku Fomu 1, koma pambali pake ndiika cha mutu uja uli ku London.