Tulo Sitidziŵa Mliri

Pa 13 Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, boma la America linaimika lamulo loletsa madalaivala a mathiraki kuyendetsa mopyola maola 11 asanapume maola 10. Chilolezochi chinali cha onyamula zinthu monga mankhwala, zophimba kukamwa ndi chakudya. Panthaŵiyo nzeruyi inali yomveka, pakuti zipatala zinali kusoŵa zipangizo ndipo m'masitolo katundu anali atatha.

Chodabwitsa n'chakuti chilolezo chapadzidzidzichi chinakhala chikuwonjezeredwa masiku mpaka pa 15 Okutobala 2022. Kodi vuto la miyezi 31 likadali ladzidzidzi? Lamulo la maola silinaikidwe pofuna kuzunza eni makampani ayi. Linaikidwa chifukwa thupi la munthu limatopa, ndipo dalaivala wosinza pachiwongolero cha chigalimoto cholemera matani 36 amadzipha yekha n'kuphanso ena ongodzidutsira.

Oikira kumbuyo chilolezocho amati dalaivala wotopa anali ndi ufulu wouza bwana wake kuti akufuna kupuma. Zoonadi, ufuluwo unalembedwa. Komatu madalaivala ambiri a maulendo ataliatali ku America amalipidwa poŵerenga mamailosi amene ayenda. Gudumu likaima, ndalama nayonso imaima. Nanga munthu wotere, amene ana ake akudikira chakudya kunyumba, angaime bwanji mwa kufuna kwake? Kale lamulo ndilo linkamukanira kwa bwana, iye osaopa kuchotsedwa ntchito. Litaimikidwa, anatsala yekha kulimbana ndi bwanayo, kwinaku andale akumutama kuti ndi ngwazi ya dziko.