Botolo la Mankhwala M'chikwama Si Mlandu

Anzanga, holide yapitayi mayi wina wa m'dera lathu anabwerako ku tauni ndi kachikwama kokha. Dzina sinditchula, ndipo musadzandifunse pa buleki. Anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zinayi: kuphika, kuchapa, kulera ana. Tsiku lina adona anapeza botolo la ma ARV m'chikwama chawo. Kutacha anawapatsa ya basi, ati ntchito yachepa.

Yachepa bwanji, ana ali omwewo, mbale zili zomwezo?

Ine ndikuti mayiwa anawalakwira, ndipo lamulo lili mbali yawo. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa ali ndi kachilombo, ndipo limaletsa bwana kukakamiza munthu kuyezetsa magazi asanamulembe ntchito. Pomwe lamuloli linkakambidwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2017, munali ndime yoti antchito a m'nyumba aziyezedwa kaye. Aphungu anaichotsa.

Ndikudziwa ena mukuti, "Nanga ana a adonawo?" Tsegulani kope la Biology. HIV siyenda mu nsima, siyenda m'madzi ochapira, siyenda pobereka mwana kumsana. Komanso munthu womwa mankhwala mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina osakaona. Botolo limene linaopsa adonawo ndi lomwe linkapatsa mayiwa mphamvu yodzuka 5 koloko kukoleza mbaula.

Kodi ankafuna chani kwa abwana? Tsiku limodzi pa miyezi ingapo lokatenga mankhwala kuchipatala, basi. Mankhwalawo ndi aulere kuyambira 2004. Akanati adwale, Employment Act ya 2000 imapereka masabata 4 a tchuthi pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro kwa amene wagwira ntchito chaka chathunthu, bola asonyeze kalata ya dokotala.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanapite ku ofesi ya leba. Anati kalata yolembedwera ntchito analibe, koma chachikulu ankaopa kuti nkhani ikatuluka, mudzi wonse udziwa. Apa ndiye mlandu wafika pa ife. Si ife timati "uyu ali pa mayunitsi" mnzathu akajomba tsiku la kuchipatala? Nanenso ndinasekapo, sindikana. Munthu amene wamva kuseka koteroko kuyambira Fomu 1 angalimbe mtima kukadandaula akadzachotsedwa ntchito? Adzangonyamula chikwama ngati mayi aja.

A Fomu 4, MSCE ikatha ambirife tikasaka ntchito m'mashopu, pa geti ndi m'nyumba za anthu. Bwana akadzati "bwera ndi zotsatira za magazi", muuzeni mwaulemu kuti lamulo silikulola. Ndipo mupemphe kalata ya ntchito tsiku loyamba lomwelo, ngakhale yolemba pamanja.