Womasulira wa M'kati mwa Kompyuta

Ndiloleni ndinenepo za mkangano umene unabuka m'nyumba yathu yogonamo sabata yatha, nyali zitazima kale.

M'cipinda cathu ca makompyuta muli makina akale amene anatipatsa anthu akufuna kwabwino. Makinawa sangathe kunyamula Windows 11, ndipo Microsoft inaleka kusamala Windows 10 pa 14 October 2025. Cifukwa cace aphunzitsi anaikamo Ubuntu, umene uli mtundu wa Linux. Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira ku Helsinki, ndipo munthu aitenga osalipira kanthu. Koma anthu oigwiritsa nchito pa makompyuta a pa desiki ali ocepa ndithu, kotero kuti olemba mapulogalamu ambiri saikumbukira konse.

Tsono pali njira yopulumukira. Mu 1995 kampani ya Sun Microsystems inaturutsa Java. Munthu alemba pulogalamu yace kamodzi kokha, ndipo pa kompyuta iri yonse pakhala womasulira amene atembenuza mau a pulogalamuyo m'cinenero ca makinawo, monga acitira womasulira m'bwalo la milandu pamene woweruza alankhula Cingerezi. Ngati womasulirayo alipo, pulogalamu iyenda pa Windows, pa Mac, ndi pa Linux pomwe.

Mnzanga wina wa Fomu 4 akana zimenezi kwa mtu wa galu. Akuti mapulogalamu otere ali alendo, sadziwa mwambo wa panyumba: mazenera ao aoneka mosiyana ndi ena, acedwa kutseguka, ndiponso womasulirayo nayenso amadya nsima, ndiko kunena kuti atenga gawo la memory imene iri yocepa kale. Iye afuna mapulogalamu olembedwera Linux yeniyeni, kapena tifute zonse tiikemo Windows yakuba. Pa kucedwako sananame ai. Ine ndanolapo pensulo mpaka kutha ndikudikira pulogalamu yotere kuti itseguke.

Koma ndifunse, ndani adzakhala pansi kulembera ife a ku Neno pulogalamu yathuyathu? Ife amene ngakhale galimoto imatikana m'nyengo ya dzinja! Mlendo wocedwa aposa mbale amene sadzabwera. GeoGebra, imene itithandiza kujambula magirafu a masamu, inalembedwa poyamba mu Java, ndipo mwa njira yomweyo inafika pa makina onga athuwa.

Ndiponso sitisowa kupita kutali. A Partners In Health, amene kuno tiwadziwa ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, anayamba nchito m'boma lino mu 2007, ndipo asunga mbiri za odwala ndi OpenMRS. Pulogalamu imeneyi inayambika mu 2004, yolembedwa mu Java, ndipo inagwira nchito ku Kenya ndi ku Rwanda isanafike kuno. Akadailembera mtundu umodzi wokha wa makina, cipatala ciri conse cikadayenera kugula mtundu womwewo, cifune cisafune.

Komabe pali omasulira ena amene sindiwakonda, ndipo apa ndigwirizana naye mnzangayo. Mapulogalamu omangidwa ndi Electron, iri yonse ibwera ndi Chromium yaceyace m'kati mwace. Java mmodzi angathe kutumikira mapulogalamu ambiri. Koma awa ali ngati alendo atatu amene yense wadza ndi womasulira wace, ndipo onse asanu ndi mmodzi apisa dzanja m'mbale imodzi. Pa makina athu a 2 GB, ukatsegula awiri otere mbewa iuma gwaa, ndipo belu lilira usanalembe kanthu.

Cifukwa cace ndipempha aphunzitsi athu mwaulemu kuti Ubuntu ikhale, Java ikhale, koma za Electron ziyambe zayesedwa pa kompyuta ya pakona ija, yofooka koposa zonse. Mnzangayo akuti adzandiyankha Loweruka pa msonkhano wa mtsutso, ndipo wabwereka kale wochi yowerengera mphindi.