Alendo a Kumapiri ndi Eni Phiri

Ife a kuno kum'mawa tinakula tikuona alendo akudutsa mu Chipata kupita ku Mfuwe kukaona njobvu ndi mikango. Sitinadabwe nazo, pakuti nyama zimakondweretsa maso. Koma pali mtundu wina wa alendo umene makolo athu akadaupukusira mutu: munthu wolipira ndalama zake kuti akwere phiri, agone m'kanyumba kozizira, atupe mapazi, kenaka n'kutsika cimanjamanja ali wokondwa. Kwa anansi athu a ku Malawi alendo otere anafika kale. Tiyeni tione zimene zacitika pa phiri la Mulanje, popeza mawa nkhaniyi idzakhala yathu.

Nsonga yaitali ya phirili, Sapitwa, ndi ya mamita 3,002. Dzina lokhalo likucenjeza: eni dziko ankati kumeneko ndi kwa mizimu, sikupitidwa. Lero pamwamba pa Mulanje pali tinyumba togona alendo, monga pa Chambe, Lichenya ndi Thuchila, kalikonse ndi mlonda wake. M'munsi, pa Likhubula, anyamata amadikira alendo, ena kuti awatsogolere, ena kuti awanyamulire katundu. Agogo athu anasenza katundu wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 mokakamizidwa, ndipo dzina lakuti mtengatenga linali la misozi. Adzukulu ao akusenza mwa kufuna kwao, alandira malipiro, ndipo caka ndi caka amacita mpikisano wothamanga kukwera ndi kutsika phirilo. Ndalama ya mlendo wa kuphiri ili ndi ubwino uwu, kuti ina imagwera m'manja mwa munthu wa pamudzi tsiku lomwelo: mnyamata agula ufa ndi makope a mng'ono wake, mai wogulitsa nthoci ndi cinanazi apeza ya sopo.

Nchito ya wotsogolera si yocepa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil analunjika ku Sapitwa yekha, wopanda womuonetsa njira. Nkhungu inatseka phiri, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata. Nzeru ya kudziwa mtambo ndi njira ili ndi anthu amene anabadwira pamenepo, ndipo iyenera kulipidwa monga nzeru, osati monga mphamvu ya msana cabe.

Tsono pamene alendo anali kukwera, cina cinali kutsika. Pa Mulanje pamamera mkungudza wa mtundu wake wosapezeka mwacibadwa kwina kulikonse, mtengo wonunkhira, umene ciswe sicidya. Nkhalango ya phirili inatetezedwa ndi lamulo mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudzawo unachedwa mtengo wa fuko la Malawi. Komabe pamene akatswiri anawerenga mu 2017, anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ina yonse inacekedwa, matabwa n'kutsika pamitu ya anthu m'njira zomwezo zimene alendo amakweramo. Mbande zambirimbiri zabzalidwa kucokera nthawi imeneyo, koma mtengo wotere sukula m'zaka za mwana wa sukulu, ndipo moto wa chire suusiya.

Sitikhululukira woceka, makamaka wogula wa m'tauni amene amamtuma ali phee pampando. Koma tifunse moona: n'cifukwa ciani munthu angaononge cinthu cimene cimamkokera alendo? Yankho lake n'lowawa. Alendo amabwera m'miyezi yopanda mvula. Dzinja likafika phiri limakhala zii, koma mimba siidziwa nyengo. Amene amapeza nchito ya alendo ndi ocepa poyerekeza ndi khamu la anthu ozungulira phirilo, amene minda yao ndi timagawo ting'onoting'ono m'mphepete mwa minda ya tiyi. Ndalama zazikulu za ulendo, za ndege, za galimoto ndi za hotela, zimatsala kutali. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka malire, ngakhale zocepa zija zinauma. Kwa bambo amene sanaonepo khobidi la mlendo, mtengo woimirira ulibe phindu. Uli nalo ukagwa.

Phiri lobvulidwa limabwezera. Anthu a ku Phalombe saiwala napolo wa mu 1991, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala pa midzi ya kumwera kwa Malawi, napha anthu mazana ambiri. Mvula yotere ingaononge ngakhale pali nkhalango, koma nthaka yopanda mizu imagonja msanga.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse lapansi, makamaka cifukwa ca ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amapereka ku phirilo. Alendo adzaculuka. Koma walira mvula walira matope: mapulasitiki m'mitsinje, nkhuni zambiri zootha m'tinyumba, njira zokokoloka, ndi anthu ojambula zithunzi mwaphokoso pa malo amene akulu amafikapo mwakacetecete. Palinso ena amene maso ao ali pa miyala ya bauxite ya pamwamba pa phirilo, osati pa kukongola kwake.

Tibwere kwathu. Nafenso tili ndi mapiri. Kagawo ka Nyika kali m'Zambia, ndi nkhalango yake yakale ya Chowo, ngakhale kuti njira yofikirako imadzera ku Malawi. Kumpoto kwake kuli mapiri a Mafinga, opitirira mamita 2,000, kumene mtsinje wa Luangwa umabadwira. Taganizani, abale: mvuu ndi njobvu za ku Mfuwe, pamodzi ndi nchito za ana athu m'malo ogona alendo a kumeneko, zimadalira madzi ocokera ku mapiri amene ambiri a ife sitinawaonepo. Alendo okwera Mafinga akali owerengeka, ndipo umenewu ndi mwai, cifukwa tingathe kukonza zinthu khamu lisanafike.

Kanyumba koyamba kasanamangidwe, mafumu ndi anthu a m'munsi mwa mapiriwo akhale pansi ndi a boma ndi a malonda. Zilembedwe poyera: pa ndalama ya pacipata, mudzi ulandira zingati, ndipo asunga ndani? Malo osafikako alendo ndi ati? Wonyamula katundu alandira zingati pa tsiku, adya ciani, afunda ciani usiku wa cisanu? Ku Kilimanjaro, m'dziko la Tanzania, lamulo limati katundu wa mlendo pamutu pa munthu mmodzi asapitirire makilogalamu 20, ndipo amayesedwa pa sikelo pacipata. Sikelo yotere mtengo wake sufika ngakhale pa wa citseko ca kanyumba, ndipo ife tikadakonda kuti ku Mafinga iyambe ndiyo kufika.